Mfuu Wobwereka

Ana adali pa mizere, opanda nsapato, thukuta lili kamukamu, pamene chitseko cha kumakwerero chidatseguka mwaukali. Tamanaha Rieko sadacheuke. Adapitiriza kuwerenga mokweza, ana n'kumaponya nkhonya m'malere, ndipo pa nkhonya yomaliza onse pamodzi adatulutsa mfuu uja.

Udali mfuu wodziwika kwa aliyense wochita karate m'dera la Kadena, pachilumba cha Okinawa. Unkayambira pansi ngati chitseko cholemera chikukhukhuluzidwa, n'kusasa, kenako n'kuduka pakati, kachidutswa kotsala n'kutuluka pambuyo ngati kutsokomola. Umenewo udali kiyai, mfuu woponyera nkhonya, wa aphunzitsi Zukeran. Eni akewo adamwalira chaka chapitacho, koma mfuu wawo udatsala m'dojo mwawo, m'nyumba yophunzitsiramo karate, ndipo woutulutsa bwino kuposa onse adali Rieko, amene tsopano ankaphunzitsa anawo m'malo mwawo.

"Basi! Zakwana!"

Pakhomo padaima mayi Fumi, mkazi wa malemuwo, atavala epuloni, chipande chili m'manja. Iwo ankakhala m'chipinda cha pamwamba, ndipo chimwalirireni amuna awo adali asadatsikepo m'dojomo.

Rieko adawathamangira n'kuwerama. "Mayi, tasokosa kodi? Pepani, titseka mawindo."

"Mawindo! Phokoso la nyumba ino ndinalizolowera iwe usanabadwe, mwanawe. Ndikunena za amuna anga. Ndinawaika m'manda, ndinalira, nsapato zawo ndinachotsa pakhomo. Koma madzulo alionse ndikati ndiike chakudya pakamwa, awo ayamba kubuula pansi pa mapazi anga. Osati mmodzi ayi, gulu! Tiana tamamina tonseti kutsokomola ngati nkhalamba za kuchipatala."

Kamtsikana kena kumzere wakutsogolo kadaseka, mnzake n'kukagunda ndi chigongono.

"Mayi, timachita zimenezi powalemekeza."

"Ndiye muziwalemekezera kwanu." Adatambasula dzanja n'kuchotsa kiyi wa dojo pa msomali pamene ankakhala. "Mwana wa mng'ono wanga wa ku Chatan akusowa posungira zipangizo zake zosambirira pansi pa nyanja. Zipangizo sizibuula. Lamlungu ndi Shimi, tsiku lokadya ndi makolo kumanda, ndipo iwe uchita kata, ndondomeko ija ya nkhonya ndi mateche, pamanda monga mwa mwambo. Ndikakawamvanso amuna anga pakamwa pakopo, kiyi uyu apita ku Chatan. Kufikira tsikulo, muno mukhala motseka."

Adakwera makwerero osacheuka. Rieko adatembenuka. Ana onse adali maso pa iye, nkhonya zidakali m'chiuno.

Kuyambira pamenepo mtima wa Rieko sudakhazikike. Ntchito yake idali yoyendetsa kagalimoto kogawa chakudya cha masana kwa okalamba okhala okha, ndipo m'mawa mwake adasokoneza mbale, wosadya mchere n'kumupatsa za mchere, mpaka kubwerera kukasintha. Pamaloboti ankagogoda chiwongolero ndi zala. Akayatsa wailesi, ankaizimitsanso nthawi yomweyo.

Dojo ija idamulera. Adalowamo ali kamtsikana kamanyazi kosayankha ngakhale moni, kamene aphunzitsi a kusukulu ankaiwala kuti kalipo. Nkhonya adaziphunzira msanga, mateche chimodzimodzi, koma pofika pofuula ankangotsegula pakamwa ngati nsomba ya pamtunda. Tsiku lina aphunzitsi Zukeran adanjuta patsogolo pake n'kunena kuti, "Ngati wako sunabwere, bwereka wanga. Udzabweza wako ukadzafika." Iye adabwereka. Adakula, adamanga lamba wakuda wa akatswiri, adakwatiwa, banja lidatha, imvi zidayamba kuonekera, koma zobweza sizidamubwererenso m'mutu. Tsopano ana onse a m'dojo adali m'manja mwake, ndipo malo ena owaphunzitsirako adalibe.

Kodi munthu wamkulu mawu akeake angakawafunefune kuti, osaoneka ngati wazungulira mutu? Kunyumba makoma adali opyapyala. Ndiye atamaliza kugawa chakudya adakaimika galimoto pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege za asilikali, n'kutseka mawindo. Adadikira. Ndege itayamba kubangula ponyamuka, galimoto yonse ikunjenjemera, iye adakoka mpweya n'kufuula.

Udatuluka womwe uja. Kusasa, kuduka, katsokomolo kumapeto.

Adayesa mokweza mawu, adayesa motsitsa. Adayesa kuyamba ndi "e", adayesa kuyamba ndi "ya". Chilichonse chinkangoyamba mwachilendo, koma pofika kukhosi chinkakhota n'kulowa m'njira yake yakale, monga madzi a mvula atsata ngalande. Ndege zitasiya kunyamuka, kukhosi kudali kukuwawa ngati wameza mchenga. Adayang'ana pagalasi n'kuona bambo wina wa panjinga ataima, akumuyang'anitsitsa. Adaliza galimoto n'kuthawa.

Lachinayi lake adapita kukafuna Agarie Kensho, woyendetsa takisi, amene adayamba karate kwa aphunzitsi Zukeran Rieko asadalowe. Adamupeza pakhoma la m'mphepete mwa nyanja, atakhala pa boneti, akumwa khofi wa m'chitini.

"Chemwali! Ndamva kuti akuthamangitsani ndi chipande."

"Musaseke, achimwene. Zinthu sizili bwino." Mawu ake adatuluka monong'ona.

"Aa, ndiye mawu apita kuti? Mwawagulitsa?"

"Ndakhala ndikuyeserera."

"Kuyeserera kufuula? Amayeserera nyimbo, chemwali. Taimani apo."

Agarie adatsika, n'kutulutsa m'takisi ambulera yaitali yofunditsira makasitomala. Adamuimika Rieko pamalo pa simenti, miyendo motanyula monga amaimira pomenya, kenako adagunditsa nsonga ya ambulera pamimba pake, pansi pa mchombo.

"Ponyani nkhonya ndi mfuu wanu wotchukawo. Ine musandiwerengere."

Rieko adaponya. Nkhonya itangofika kumapeto, Agarie adakankha ambulera. Sadakankhe mwamphamvu, koma nsonga idalowa m'mimba ngati chala mu tofu wofewa wa soya, ndipo Rieko adadzandira chambuyo, mfuu n'kutuluka ali kale pendapenda.

"Mwaona? Nkhonya yafika kalekale, mfuu ukadali m'njira, ukubwera pa basi. Bwerezani."

Adabwereza. Zidachitika chimodzimodzi. Adabwerezanso mokwiya, mpaka adatsala pang'ono kukhala pansi.

"Aphunzitsi ankati chiyani za kiyai?" adafunsa Agarie. "Nenani, si inu mumaphunzitsa ana?"

"Ankati mfuu si wa pakamwa. Ndi mpweya wochokera pansi pa mchombo. Umamanga mimba kuti mdani akakumenya nthawi yomweyo asakupweteke. Nkhonya, mpweya ndi mtima zizifika pamodzi. Kuopseza mdani n'kongowonjezera."

"Mwakhoza, landirani mphoto. Nanga mimba yanu yamangika? Mpweya wonse mukuusungira kukhosi kuti mupangire kusasa kuja, mimba n'kutsala lobodo. Aphunzitsi ankachedwa chifukwa madokotala anawadula phapo, anatsala ndi limodzi. Komabe iwo mimba inali thabwa, ndinaigundapo ine, chala chinatupa. Inu mapapo muli nawo awiri. Mukuchedweranji?"

Rieko adagwira pamimba. Manyazi adamugwira mpaka m'makutu. "Ndiye kuti ana onse aja ndawaphunzitsa chilema."

"Chilema cha mwini wake, chimene iye sanachifune n'komwe."

"Inu munkaziona zimenezi, achimwene?"

"Kalekale."

"Bwanji osandiuza?"

Agarie adapinda ambulera bwinobwino, maso ali kunyanja. Nthabwala zidamuthera. "Nafenso timawasowa, chemwali. Inu mukafuula, enafe timatsinzina."

Mafunde ankamenya miyala pansi pa khomalo.

"Ndiye nditani pofika Lamlungu?" adafunsa Rieko.

"Kaya. Wanga sindingakubwerekeni, mukuudziwa, uli ngati mphaka akuyetsemula. Komanso nsalu yobwereka sithetsa usiwa." Wailesi ya m'takisi idaitana, iye n'kulowa. Adatulutsa mutu pawindo. "Siyani kumvetsera kukhosi. Muziganiza za ambulera!"

Lachisanu Rieko adaganiza za ambulera tsiku lonse. Adaiganiza pamaloboti, adaiganiza pokweza mbale m'makwerero a anthu. Adabwereranso kumpanda wa ndege. Akamanga mimba, mawu sankatuluka. Akatulutsa mawu, mimba inkamasuka. Adafika poti akanatha kuluma chiwongolero.

Madzulo a tsikulo foni idalira. Adali bambo Kuniyoshi, wophunzira wamkulu kuposa onse wa malemu aja, amene adasamukira ku Osaka kalekale n'kutsegula madojo akeake kumeneko. Adali atangotsika ndege kudzakhala nawo pa Shimi.

"Rieko, mwana wathu! Ndabwera ndi kamera. Ophunzira anga onse ndawauza kuti ku Okinawa kuli munthu mmodzi amene akafuula, aphunzitsi amadzuka. Ndikufuna akamve ndi makutu awo. Chimenechi ndi cholowa, wamva? Ukamaliza kata, ine ndiimirira pamaso pa anthu onse ndi kunena kuti wosunga njira ya aphunzitsi ndiwe."

"Bambo, pali kanthu kena. Mayi Fumi akuti..."

"Mayi ndi wofedwa, chisoni chimayankhulitsa zambiri. Za karate atisiyire ife. Iwe usasinthe kanthu, ngakhale kakang'ono."

Foni idaduka. Rieko adaima pakati pa chipinda. Adakhala pampando, adadzuka, adatsuka kapu yotsukatsuka. Mawu amenewo, otuluka pakamwa pa bambo Kuniyoshi pamaso pa anthu, adali atawalakalaka zaka zambiri. Koma mawu sakanatsegula chitseko cha dojo. Adadziuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, komabe phanga loti athawiremo sadalione.

Loweruka adapita kukathandiza mayi Fumi kuphika chakudya cha kumanda, monga ankachitira chaka chilichonse. Adaganiza kuti mwina amubweza pakhomo, koma mayiwo adangomuponyera epuloni.

"Dula nkhumbayo. Zidutswa zofanana, makolo sakonda zokhotakhota."

Khitchini idali yodzaza nthunzi. Pathebulo padali mabokosi a chakudya oyembekezera kudzazidwa ndi nyama, tofu wokazinga, ndere za m'nyanja zomanga mfundo ndi timikate ta mpunga. Rieko ankadula, koma mpeni unkaterereka.

"Mayi, a Kuniyoshi akufuna ndifuule ngati aphunzitsi."

"Kuniyoshi akufuna zambiri. Adye za ku Osaka. Kiyi ali ndi ine."

"Koma aphunzitsi mfuu wawo unali umenewu. Ukatha, chatsala n'chiyani?"

Mayi Fumi adaika timitengo totembenuzira tofu pansi n'kumuyang'ana. "Unali umenewu liti? Iwe, ine ndinakwatiwa ndi anthu amenewa ali ndi tsitsi. Pamene ndinkawadziwa sankafuula n'komwe. Aphunzitsi awo anali nkhalamba ya kumudzi yophunzitsira kuseri kwa nyumba, yongoti fuu ndi mphuno ngati ng'ombe. Inkati wofuula amaitana anthu oonerera. Kenako amuna anga anapita kumtunda ku sukulu yaukachenjede, anabwerako akukuwa ngati tambala wachinyamata, mawu ang'onoang'ono, mitsempha ili tolotolo m'khosi. Nkhalamba ija inaseka mpaka kugwa pampando."

Rieko adasiya kudula. Zimenezi adali asadazimvepo.

"Dula, manja asaime. Atafika pa msinkhu wako mawu anatsikira m'mimba. Ankabangula, makapu kuno n'kumagundana. Ndi nthawi imene unabwera iwe. Iwo kubangula ngati nkhunzi, iwe pambuyo pawo ngati thole. Mano atayamba kuguluka, mfuu unayamba kutayikira m'mbali, nawenso wako unayamba kutayikira, mano uli nawo onse. Atawadula phapo, sabata sinathe, nawenso unaduka phapo. Ndinkamva ine kuno, ndinkangopukusa mutu."

"Sindinkadziwa kuti ndikusintha."

"Unkadziwa bwanji, maso ali pamsana pawo? Ndiye pa mifuu yonseyo, wa tambala, wa nkhunzi, iwe wasankha kusunga wotsiriza. Ukudziwa mmene ankamvekera akamavutika kupuma kuchipinda uko, ine nditawagwira msana? Ankamveka choncho. Chimene inu mumaombera m'manja, kwa ine ndi matenda."

Mafuta adathetheka m'chiwaya. Rieko adafuna kupepesa, koma mawu opepesera adaoneka opepuka kwambiri.

"Ndiye ndifuule bwanji, mayi?"

"Ndidziwa bwanji ine? Chibadwire nkhonya ndinaponyapo kamodzi, ndipo amuna anga anaiyenera. Tenga ndere izo uzimange."

Lamlungu kudacha kwa dzuwa ndi kamphepo. Manda a banja la Zukeran adali paphiri, aakulu, denga lake lozungulira ngati msana wa kamba, kutsogolo kuli bwalo lozingidwa ndi kakhoma. Udzu udali utadulidwa kale. Achibale adayala malona, ana akuthamangathamanga, ndipo m'manda oyandikana nawo mabanja ena adali atayamba kale kuseka ndi kutsegula mabotolo. Adayatsa lubani pakhomo la manda, adapereka chakudya ndi mowa wa awamori kwa makolo, onse n'kugwada manja ali pamodzi. Atatha kupemphera adatsitsa mabokosi aja kuti amoyo adye.

Rieko sadadye. Adavalira kuseri kwa galimoto, lamba n'kumumanga, kumumasula, kumumanganso. Bambo Kuniyoshi, wamtali, wa jekete yakuda, adali ataimika kamera pa miyendo yake itatu. Atamuona adamugwedezera mutu momulimbikitsa. Agarie adali pakona ya lona, ndipo ngakhale kudalibe mtambo ndi umodzi womwe, adali atagoneka ambulera pamiyendo. Mayi Fumi adakhala pafupi ndi khomo la manda, mbale ili m'manja, osayang'ana aliyense.

Anthu adasendeza malona kuti pakati patsale malo. Rieko adalowa, adawerama kuyang'ana kumanda, n'kutchula dzina la kata, Seisan, imene aphunzitsi ankaikonda. Monga ankaiphunzitsira iwo, idali ndi malo awiri ofuulira.

Adayamba. Simenti idali yotentha kumapazi. Manja ankadziwa okha njira yake, kutchinga, kumenya, kutembenuka, koma mutu udali piringupiringu. Malo oyamba ankayandikira. Adamva mfuu wakale ukukwera, ukudzikonza kukhosi, wokonzeka ngati galu womva kulira kwa unyolo. Kumanzere kudali kamera. Kutsogolo kudali kamutu ka imvi ka mayi Fumi.

Nkhonya idapita. Rieko adaluma mano. Sipadamveke kanthu.

Bata lake lidali loopsa kuposa mfuu. Wina adatsokomola. Bambo Kuniyoshi adadzutsa mutu kuchoka pa kamera. Rieko adatsala pang'ono kuiwala chotsatira, phazi lidazengereza, koma thupi lidamukoka n'kupitiriza. Kata yopanda mfuu ikadakhala yopunduka, ndipo zimenezo sizikadakhala ulemu kwa aliyense. Padatsala malo amodzi.

Potembenuka, maso ake adagwa pa khomo la manda, mwala wotseka wa phee, utsi wa lubani ukukwera patsogolo pake. Kwa zaka zonsezi, akamachita kata, ankamvetsera kumbuyo kwake kuti aphunzitsi afuula bwanji, ayamba liti, kuti awatsatire. Ngakhale atamwalira ankawadikirabe, kamphindi kakang'ono kaja, nkhonya itafika kale. Tsopano adaona kuti palibe woti amudikire. Mwalawo sukadafuula.

Adatsitsa mpweya mpaka pansi pa mchombo, pamene padali kabala ka nsonga ya ambulera. Za kukhosi adazisiya. Adaponda, chiuno chidazungulira, mimba idamangika gwa, ndipo nkhonya idafika.

Chimene chidatuluka chidamudzidzimutsa iye mwini. Chidali chachifupi, chokwera, chakuthwa, ngati nsungwi youma ikathyoka. Sichidatsale m'mbuyo ngakhale pang'ono. Nkhonya, mpweya ndi mawu zidagunda pamodzi, ndipo adamva mphamvu yake ikuchokera kuchidendene mpaka m'zala. Khanda lina lidalira. Kumanda oyandikana nawo kuseka kudaima.

Adamaliza kata, adawerama.

Woyamba kutulutsa mawu adali mwana wina amene adaseka mokweza, amayi ake n'kumutseka pakamwa. Agarie adaomba m'manja yekha, kenako ena ochepa adamutsatira mokayika. Bambo Kuniyoshi adazimitsa kamera n'kubwera, nkhope ili gwa.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Ndi kiyai wanga, bambo."

"Wako. Ndabwera ulendo wonsewu kudzamva wako?" Rieko adaona kuti m'maso mwawo mudali misozi. "Panatsala malo amodzi okha pamene munthu akanawamvanso. Wawaika m'manda kachiwiri."

Adapinda miyendo ya kamera, adagwada pakhomo la manda kanthawi, kenako adatsika phiri osatsanzika. Zolengeza zija adapita nazo. Rieko adawayang'ana mpaka jekete yakuda idabisika m'mitengo, ndipo adadziwa kuti zimene adanenazo sizidali zabodza.

Rieko adapita kukagwada pamaso pa mayi Fumi. Iwo adali kutafuna nyama ya nkhumba pang'onopang'ono. Adameza, adapukuta pakamwa.

"Mawu oipa," adatero. "Oipa zedi. Ngati mbuzi yopanidwa ndi chitseko."

"Inde, mayi."

"Kensho, wamva iwe? Unamvapo zotere?"

"Ndinamvapo, mayi, tsiku limene ndinaponda mabuleki pa mvula," adayankha Agarie.

Anthu adaseka, ndipo kumangika kuja kudamasuka. Mayi Fumi sadaseke. Adapisa dzanja m'kachikwama kawo, adafufuza pakati pa mankhwala ndi timipango, n'kutulutsa kiyi. Adamuika pa chivundikiro cha bokosi la chakudya.

"Koma mwini mawuwo sindinakwatiwe naye. Lolemba utsegule. Ndipo tiana tija utichize chifuwa."

Rieko adatola kiyi ndi manja awiri. Adafuna kuthokoza, koma m'malo mwake misozi idangoti mbwee. Pamaliro sadalire. Adali wotanganidwa kulandira alendo, ndipo m'mawa mwake adatsegula dojo n'kufuula, aphunzitsi n'kukhala ngati alipo. Tsopano adalira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, lamba wakuda ali m'chiuno.

"Iwe, pa Shimi sitibwera kudzalira, timabwera kudzadya," adatero mayi Fumi, akumukankhira kamkate ka mpunga m'manja. "Idya. Ukuchititsa manyazi makolo."

Atatero adatembenuka, adathira awamori m'kakapu n'kukaika pakhomo la manda. Adakhala choncho nthawi yaitali, atapereka msana kwa anthu, dzanja lili pamwala.

Lolemba madzulo ana adabwera onse. Rieko adawaika pa mizere n'kuyamba kuwerenga. Pa nkhonya yomaliza, asadawaletse, mfuu wakale udatuluka m'timakosi tonse, kusasa, kuduka, katsokomolo. Rieko adayang'ana kudenga. Pamwamba mpando udakhukhuluzika.

"Imani! Aliyense aike dzanja pamimba, pansi pa mchombo. Kuyambira lero mfuu uja tausiya. Unali wa aphunzitsi Zukeran, ndipo tawabwezera."

Adatenga ambulera imene Agarie adamusiyira n'kuyamba kuyenda pakati pa mizere. Ana adayamba kusekerera ndi kubisa mimba.

Kamtsikana ka kumzere wakutsogolo kadakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye tizifuula ngati ndani? Ngati inu?"

"Ayi. Wanga sindibwereketsa."

"Nanga ngati wanga palibe?"

Rieko adanjuta patsogolo pake. Yankho lakale lija lidafika pamilomo, lokoma, losavuta. Adalimeza.

"Ukhala chete mpaka ubwere. Ine ndidikira. Manga mimba."

Adawerenganso. Pa nkhonya yomaliza mudatuluka chisokonezo chimene dojo ija idali isadamvepo. Wina adalira ngati mwanapiye, wina ngati hutala, wina adayamba ndi mfuu wakale n'kuumeza pakati, ndipo kamtsikana kaja kadangotsegula pakamwa. Rieko adaima, khutu lili kumakwerero. Pamwamba mapazi adayenda kuchoka kukhitchini, adaima, kenako wailesi idakwezedwa mawu.

Chitseko sichidatseguke.

"Tibwereze," adatero Rieko.